Mapointi Kapena Pakamwa: Dokotala wa Mawa Timusankhe Bwanji?

Mwana wa kwa Khwethemule ku Thyolo amene akufuna kudzavala chovala choyera cha kuchipatala ali ndi makomo awiri oti agogode, ndipo onse ndi opapatiza. Loyamba ndi la Kamuzu University of Health Sciences ku Blantyre, sukulu imene idabadwa mu 2021 pomwe College of Medicine idaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing. Wochokera ku Folomu 4 amafikako kudzera m'kusankha kwa bungwe la NCHE, ndipo chimene chimayankhula mokweza pamenepo ndi magiredi a MSCE, makamaka a masayansi, masamu ndi Chingerezi. Khomo lachiwiri ndi la makoleji a zaumoyo, aboma ndi amipingo, monga Malamulo ku Makwasa m'boma lomwelino la Thyolo, kumene kumatuluka ma clinical officer, anamwino ndi ogwira ntchito m'labu. Mwa makoleji otere alipo amene sakhutira ndi satifiketi yokha: amamuitana mwanayo kuti amuone, amufunse pamaso. Mabungwe olipirira ana fizi nawo amatero, chimodzimodzinso sukulu zambiri za udokotala za ku Britain, Canada ndi America.

Intaviyu imeneyi ndiyo imagawa anthu. Ena akuti ikhale paliponse, ngakhale pakhomo lalikulu lolowera digiri ya udokotala, chifukwa pepala silionetsa mtima wa munthu. Ena akuti ikachuluka, mwana wa pa esiteti ndiye adzakhale woyamba kutsala panja. Ndipo m'kati mwa mkanganowu muli wina wowawa kwambiri kwa aphunzitsi: mwana ukamukhazika pansi n'kumukonzekeretsa mafunsowa, wamuthandiza kapena wamuphunzitsa chinyengo?

Ofuna intaviyu dandaulo lawo aliyense amene adaswerapo pabenchi ya chipatala akulidziwa. Mayi wothyola tiyi akafika kwa dokotala, atadzuka m'mbandakucha, atajomba kuntchito kotero kuti malipiro a tsikulo apita, satchula vuto lake molunjika. Ayamba ndi mutu, apite ku msana, adandaule za kuphwanya kwa m'thupi. Chenicheni chimene chamubweretsa amachinena pomaliza, maso ali pansi, mwina atapinda kale buku lake la kuchipatala kuti azituluka. Dokotala amene cholembera chake chimathamanga wodwala asanamalize mawu, mayi ameneyu wamuphonya, ngakhale adakhoza ndi mapointi 6. Madandaulo a anthu pa wailesi okhudza zipatala kawirikawiri amakhala awiri: mankhwala kulibe, ndipo anatikalipira. Loyambalo ndi la boma ndi bajeti yake. Lachiwirilo, iwo akuti, limayambira pa tsiku limene tidasankha munthu osamumvako n'komwe mawu ake.

Amawonjezanso kuti ana ambiri udokotala sausankha okha. Mwana akangokhoza bwino, amalume, abusa ndi aphunzitsi aakulu onse amagwirizana kuti ameneyu ndi dokotala basi, mwini wake ali chete, mwina mtima uli ku uinjiniya. Tsono maphunziro ake si a masewera: chaka chokonzekera, zaka zisanu za digiri, kenako miyezi 18 yogwira ntchito moyang'aniridwa asanamusiye yekha. Dziko lino lidakhala lopanda sukulu yakeyake ya madokotala mpaka 1991. Tisanafike apo ana athu ankapita kukaphunzira kunja, ndipo ambiri sadabwerere. Malo amodzi m'kalasi imeneyi ndi chuma cha fuko. Kuwapereka kwa munthu amene adzagwe mphwayi m'chaka chachitatu, kapena amene adzangomaliza kuti akondweretse makolo, ndi kutaya kumene mphindi makumi awiri za kucheza naye zikadatha kupewetsa.

Mfundo yawo yolimba kwambiri, kwa ine, ndi yakuti mapointi nawonso ali ndi tsankho lawo lobisika. Mwana wa pa CDSS yopanda labu, amene botolo la asidi adaliona koyamba masiku a mayeso atayandikira, amalemba pepala limodzimodzi ndi wa ku sekondale ya boma yogonera konko kapena ya pulaiveti ya m'tauni. Woyambayo akapeza mapointi 14 ataŵerengera kandulo ndi tochi ya foni, atayamba wakatunga madzi ndi kuperekeza ang'ono ake, ndani anganene motsimikiza kuti mutu wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa mapointi 8? Makina osanja mayina sadziwa zimenezo. Komanso pepala limabedwa. Mu 2020 mayeso a MSCE adathetsedwa ali m'kati chifukwa mapepala adabooka, ana n'kudzalembanso kumayambiriro kwa 2021. Wodutsa ndi likasa akhoza kupusitsa wochonga, koma n'kovuta kuti apusitse munthu wodziwa Biology amene wamuyang'ana n'kumufunsa kuti afotokoze m'mawu akeake chifukwa chimene malungo amachepetsera magazi.

Anthu a ku Thyolo mfundoyi amaimva msanga akaganiza za tiyi. Madzulo dengu limakwera pa sikelo, kalaliki n'kulemba makilogalamu, ndipo pamenepo palibe mkangano. Koma mtengo wa tiyi ku okushoni ya ku Limbe suchokera pa sikelo. Umachokera pa lilime la wolawa amene amapsontha kapu iliyonse. Ofuna intaviyu akuti ife tikusankha madokotala ndi sikelo yokha.

Ali ndi umboni winanso wa kwathu konkuno. Bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba ntchito ku Thyolo mu 1997, ndipo mu 2003 ma ARV adayamba kuperekedwa m'bomali. Madokotala adali ochepa kwambiri, motero ntchito yambiri idatsikira kwa ma clinical officer, anamwino ndi alangizi a zaumoyo a m'midzi. Zidayenda, mpaka Thyolo idatchuka kunja ngati chitsanzo. Chimene chidasunga anthu pa mankhwala, chaka ndi chaka, kudali kudziwa kuyankhula ndi bambo wochita manyazi, kulondola wodwala amene wasiya kubwera, kunyengerera apongozi okanika. Luso limenelo pa satifiketi ya MSCE palibe polilemba.

Zonsezi n'zomveka. Koma tsopano tilowe m'chipinda chenichenicho, tione zimene zimachitikamo.

Mtsikana wachoka kwa Khwethemule dzulo lake: kabaza mpaka pa msewu wa tala, minibasi mpaka ku Limbe, ina yolowa m'tauni, n'kukagona pa mkeka kwa achibale ku Bangwe kapena ku Ndirande. Ndalama ya thiransipoti amayi ake achita kukongola ku banki m'khonde. Siketi ndi ya kutchalitchi, nsapato zabwerekedwa ndipo zikumuluma. Pakhonde podikirira wakhala pafupi ndi anzake amene akuseka m'Chingerezi, mafayilo awo ali apulasitiki onyezimira, ake ali mu envelopu ya khaki yofewa ndi thukuta. Dzina lake likaitanidwa apeza akuluakulu atatu kuseri kwa tebulo. Thupi lake lichita zimene lidaphunzitsidwa chibadwire: mawondo apindika pang'ono, manja agwirana, maso apita pansi, mawu atsika. Amufunsa m'Chingerezi kuti anene zimene iye amaposa nazo anzake. Kwawo wodzitama amatchedwa wamatama, wopanda mwambo, ndiye iye amwetulira mwamanyazi n'kuyankha mawu atatu. Pa fomu ya wofunsa pali bokosi la kudzidalira ndi la kuyankhula momasuka. Malikisi ake m'mabokosi amenewo tonse tikuwadziwa.

Wotsatira wake ndi mnyamata amene bambo ake ndi dokotala. Agwirana chanza ndi onse atatu, akhala mowongoka, atchula za kafukufuku wa malungo ndi maloto ake odzakhala katswiri wa maopaleshoni. Mwina ndi mwana wabwino ndithu, sitikumunenera zoipa. Funso la otsutsa intaviyu ndi lakuti: pa awiriwa, chimene gululo layeza n'chiyani? Iwo akuti layeza nyumba imene mwana adakuliramo. Ulemu umene ukadamuthandiza mtsikana uja kukhala pansi ndi gogo wodwala ndi womwewo umene wamugwetsa. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pakamwa pothyathyalika si chizindikiro cha chifundo, ndipo ena mwa anthu ouma mtima kwambiri amene tidakumana nawo m'maofesi ndi akatswiri pa kuyankhula.

Otsutsawa sakuyankhula za m'mutu chabe. Mu 1979, sukulu ya udokotala ya University of Texas ku Houston idafunsa ofuna malo mazanamazana n'kusankha 150. Kusankha kutatha, aphungu a dera la Texas adalamula kuti kalasiyo ikule ndi ophunzira 50. Abwino onse adali atatengedwa kale ndi sukulu zina, choncho sukuluyo idakakamizika kutenga ena mwa amene ofunsa adawaika kumunsi kwenikweni kwa mndandanda. Akatswiri adawatsatira magulu awiriwa mpaka atamaliza ndi kuyamba ntchito, ndipo zotsatira zidasindikizidwa mu 1987: panalibe kusiyana kooneka pa kukhoza mayeso, pa ntchito ya m'mawodi, ngakhale pa chiwerengero cha osiyira panjira. Okanidwa adachita bwino chimodzimodzi ndi osankhidwa. Ngati madokotala odziwa ntchito adalephera kulosera motere m'dziko limene ofunsa ndi ofunsidwa amayankhula chinenero chimodzi, nanga kuno?

Ndiye pali nkhani imene Amalawi sitifunika kuuzidwa: katangale. Mapointi, ngakhale ali ndi zilema zake, amaoneka. Kholo likhoza kutenga pepala la mwana n'kufunsa kuti wa mapointi 9 watsala bwanji pamene wa 13 walowa. Koma malikisi a "sadatigwire mtima" ungawatsutse kuti? Chitseko chikatsekedwa, foni ya bwana wina ikalira usiku wa dzulo lake, dzina la mwana likamveka la kwawo kwa mmodzi mwa ofunsa, palibe adzadziwe. Ngakhale kumayiko olemera zoterezi zidachitika. Mu 2018 sukulu zingapo za udokotala ku Japan zidapezeka kuti zinkapondereza atsikana posankha, ndipo Juntendo University idadziteteza ponena kuti atsikana amayankhula bwino pa intaviyu kuposa anyamata, ndiye inkangofuna kuwathandiza anyamatawo. Kwathu kuno kusankhira ana ku yunivesite ndi bala losapola. Ndondomeko ya kota, yogawa malo potengera maboma, idabwezedwa nthawi ya Bingu wa Mutharika n'kudzathetsedwa mu 2020 nthawi ya Peter Mutharika, onse awiri ana a Thyolo yemweyu, ndipo zaka zonsezo dziko lidali pa mkangano wa zigawo. Otsutsa akuti tisatsegule dala khomo lina lolowera kukondera.

A ku Netherlands adafika poganiza kuti pakati pa ana okhoza bwino palibe munthu angasankhe mwachilungamo, motero kuyambira m'zaka za m'ma 1970 mpaka 2017 malo ambiri a udokotala ankagawidwa mwa maere, wokhoza kwambiri n'kukhala ndi mwayi wokulirapo. Madokotala awo sadachepe nzeru chifukwa cha zimenezo. Sindikunena kuti tichite maere; kholo la ku Thyolo silingamvetse kuti tsogolo la mwana latuluka m'chipewa. Ndikungosonyeza kuti kukayikira intaviyu si umbuli.

Tsono poti intaviyu ilipo kale m'malo ambiri, ndipo mwana wa chaka chino sangadikire kuti mkangano uthe, tifike pa za kukonzekera, pamene aphunzitsi enieni amasiyana maganizo.

Gulu lina limati kukonzekeretsa mwana kumaononga cholinga chonse. Ngati ofunsa akufuna kuona munthu weniweni, ife n'kumuveka mayankho oloweza, ndiye kuti tawatumizira sewero. Ali ndi umboni. Funsani aliyense amene adakhalapo pa gulu lofunsa: ana khumi motsatizana amanena kuti akufuna udokotala kuti athandize anthu ovutika a kumudzi, ndipo ambiri amakhala ndi agogo amene adamwalira chifukwa chosowa dokotala. Nkhani zina n'zoona, zina n'zobwereka, ndipo pofika masana wofunsa sathanso kusiyanitsa. Kunja ntchito yophunzitsa anthu kuyankha intaviyu ya udokotala ndi bizinesi yaikulu ya ndalama zambiri, ndipo lero mayankho okonzeratu ali mbwee pa YouTube ndi m'magulu a WhatsApp. Wokhala ndi bandulo ndiye amawapeza. Choncho, iwo akuti, kukonzekeretsa kumangokulitsa phompho pakati pa olemera ndi osauka, n'kuphunzitsa ana kuti ntchito ya chilungamo amailowa ndi bodza.

Apa ndiye ndikusiyana nawo kotheratu. Mwana wa dokotala uja adayamba kukonzekera ali ndi zaka zisanu, patebulo la chakudya, pomva bambo ake akukamba za kuwodi, pofunsidwa maganizo ake ndi akuluakulu n'kuloledwa kuwayankha. Palibe amene amati kumeneko ndi chinyengo. Koma mphunzitsi wa pa CDSS akatsala masana awiri kuti aonetse mtsikana uja polowera, pokhala ndi poyang'ana, anthu ayamba kudandaula kuti tikuononga chibadwa chake. Kumusiya apite wosakonzeka ndi kumutumiza kukagwa. Chofunika kusiyanitsa ndi kuloweza ndi kukonzeka, chifukwa n'zinthu ziwiri zosiyana kutalitali.

Woloweza amanyamula mayankho. Funso likangopindidwa pang'ono, amaima ngati wailesi yothera mabatire. Wokonzeka amanyamula zinthu zimene waona. Ndipo pa zoona, mwana wa kwa Khwethemule ndi wolemera kuposa mmene amadziwira. Adakhalapo gadiyani pa Thyolo District Hospital, akugona pansi pa bedi la azakhali ake, akuphika kukhitchini ya odikirira odwala. Akudziwa mmene amanyamulira mayi woyembekezera usiku mvula ikugwa, msewu uli matope. Adaona chifuwa cha bambo amene wagwira ntchito zaka zambiri m'fumbi la fakitale, zala zong'ambika za othyola tiyi nyengo ya dzinja, mnansi amene adasiya mankhwala chifukwa m'nyumba mudalibe chakudya choti amwere. Adaonanso mmene banja limakanganira ngati wodwala apite kuchipatala, kwa asing'anga kapena kumapemphero. Mnzake wa m'tauni zimenezi adzaziphunzira m'chaka chimene ophunzira amatumizidwa ku Mangochi kukaona za umoyo wa anthu akumudzi. Vuto ndi lakuti mwana wathuyu amaziona ngati zochititsa manyazi, zoyenera kubisa pamaso pa anthu ophunzira. Ntchito yoyamba ya womukonzekeretsa ndi kumuuza kuti chuma chake ndi chimenecho, achitulutse.

Zotsalazo n'zapafupi, ndipo sizilira ndalama. Apemphe chilolezo kwa oyang'anira chipatala chaching'ono cha kwawo kuti athandizeko masiku angapo, ngakhale kusanja mzere wa kusikelo ya ana, aone ndi maso ake zimene mlangizi wa zaumoyo, namwino ndi clinical officer amachita, kuti akafunsidwa kusiyana kwa ntchito zawo asakaphethire. Adziwe sukulu imene akufunsirako malo: maphunziro ake ndi a zaka zingati, amaphunzirira pa chipatala chiti, akamaliza amalembetsa ku Medical Council of Malawi kapena ku bungwe la anamwino ndi azamba. Azimvera nkhani pa wailesi, kuti za kolera imene idavuta dziko lino mu 2022 ndi 2023, kapena za namondwe Freddy amene adasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, azitha kuzikamba ngati munthu woganiza za madzi akumwa, zimbudzi ndi misasa ya othawa madzi. Ayeserere kuyankhula Chingerezi mokweza tsiku ndi tsiku, ndi mnzake kapena ndi mphunzitsi amene amamuopa kwambiri, mpaka lilime limasuke. Galamala yothyoka pang'ono siipha, chimene chimapha ndi kunong'ona. Aphunzire kuti kuyang'ana wamkulu kumaso m'chipinda chimenecho si mwano. Ndipo aphunzire mawu ovuta kwambiri kwa mwana wanzeru: "Sindikudziwa, koma ndikuganiza kuti..." Dokotala amene satha kunena kuti sakudziwa ndi woopsa, ndipo wofunsa wanzeru amamvetsera mawu amenewa mwachidwi.

Pali mafunso ena amene alibe yankho la m'buku. Wodwala wakuuza za matenda ake n'kukupempha kuti usauze mkazi wake, utani? Kholo likukana kuti mwana wake aikidwe magazi chifukwa cha chipembedzo. Uyamba ndi chiyani? Mnzako wa m'kalasi wamuona akuonera mayeso, ukamunenera? Apa ofunsa safuna chiweruzo chofulumira. Amafuna kuona ngati mwanayo atha kuona mbali zonse, kufunsa zimene zikusoweka, ndi kudziwa pamene ayenera kukaitana wamkulu. Mwana amene adakhalapo pa bwalo la amfumu n'kumva mmene nkhoswe zimasendera mlandu ali kale ndi poyambira. Kumuyeserera mafunso otere si kumupatsa likasa, pakuti tsikulo adzapeza ena. Chimene watenga ndi chizolowezi choganiza mofatsa anthu akumuyang'ana.

Kubwerera ku funso lalikulu lija, ndikuona kuti mbali ziwirizi zikukangana za intaviyu yamtundu umodzi wokha, ya akuluakulu atatu kuseri kwa tebulo, ngati kuti palibenso ina. Ilipo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, McMaster University ya ku Canada, itatopa ndi zofooka zomwe otsutsa akunenazi, idayambitsa njira yotchedwa multiple mini interview. M'malo mwa chipinda chimodzi, wofunsidwa amazungulira zipinda pafupifupi khumi. Pakhomo la chilichonse pali pepala lofotokoza nkhani. Aŵerenga mphindi ziwiri, alowa, akhala mphindi zisanu ndi zitatu, belu lilira, apita kwina. Chipinda china muli munthu woyerekeza kukhala wokwiya kapena wachisoni woti ayankhule naye, china muli funso la chikumbumtima, china ntchito yoti achite ndi mnzake. Wopereka malikisi aliyense ali yekha ndipo sadziwa zimene anzake alemba. Ukapunthwa chipinda choyamba chifukwa cha mantha, zisanu ndi zinayi zikukudikira. Wofuna kukondera mwana wa mnzake ayenera kunyengerera anthu khumi. Njirayi idafalikira m'sukulu zambiri za ku Britain, Australia ndi kwina chifukwa idapezeka kuti ndi yodalirika kuposa yakale ija, ngakhale nayonso siidathetse mwayi wa ana a olemera.

Chitsanzo china chili pafupi, ku KwaZulu-Natal. Mu 1999 chipatala cha Mosvold ku Ingwavuma, dera lakumudzi losowa madokotala, chidayamba kulipirira ana a komweko maphunziro a zaumoyo, ntchito imene lero imadziwika kuti Umthombo Youth Development Foundation. Wofuna thandizo amayamba wagwirako ntchito yodzipereka pa chipatalapo, kenako amafunsidwa ndi komiti imene muli anthu a m'deralo, ndipo akamaliza amabwerera kudzagwira ntchito kwawo chaka chimodzi pa chaka chilichonse chimene adalipiriridwa. Ana amene ankaonedwa ngati osayenera yunivesite adatuluka madokotala. Bungwe la WHO nalo mu 2010 lidalangiza mayiko kuti njira imodzi yodalirika yopezera ogwira ntchito zaumoyo kumidzi ndi kulemba dala ophunzira ochokera kumidzi. Pamenepa intaviyu idagwira ntchito yotsegulira mwana wa kumudzi, chifukwa ofunsawo ankadziwa chimene akufuna ndipo ankamudziwa mwanayo ndi kwawo.

Chiweruzo changa n'chakuti otsutsa apambana pa intaviyu imene tili nayo, koma ofuna apambana pa imene tiyenera kukhala nayo. Ya tebulo lija, ya m'Chingerezi chokhachokha, yopanda muyeso wolembedwa, isapatsidwe mphamvu yogwetsa mwana amene wakhoza. Kuli bwino mapointi okha kusiyana ndi imeneyo. Mapointi akhalebe khomo loyamba, chifukwa wosadziwa Chemistry chifundo chake sichingamuthandize kuŵerengera mlingo wa mankhwala a khanda. Koma pakati pa amene adutsa mzere umenewo, sukulu iwaone ndi kuwamva, m'zipinda zingapo, ndi opereka malikisi osiyanasiyana, mwa iwo namwino wakale ndi munthu wamba amene adagonapo m'chipatala cha boma. Chipinda chimodzi chikhale cha m'chinenero cha odwala, Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chilomwe, kumene mwana afotokozere gogo mmene amwere mankhwala katatu patsiku. M'chipinda chimenecho tidzaona kuti amene akufunika kukonzekera kwambiri mwina ndi mnyamata wa m'tauni uja. Malikisi asungidwe kuti wodandaula athe kuwaona. Ndipo mafunsowo azichitikira m'maboma, kapena sukulu ilipire ulendo wa amene alibe, chifukwa intaviyu imene mwana walephera kufikako chifukwa cha thiransipoti yamuweruza ali pakhomo pa amayi ake.

Zimenezi ndi za akuluakulu a masukulu ndi a unduna, ndipo sizichitika mawa. Zimene zingachitike mawa zili m'manja mwa anthu a ku Thyolo amene adadutsa kale njirayi. Madokotala, ma clinical officer ndi anamwino amene adakulira m'makomboni a m'maesiteti alipo, ena ku chipatala cha Gulupu, ena ku Lilongwe, ena kunja. Mukabwera kumudzi pa holide, pitani pa CDSS imene mudaphunzirapo, mupemphe kalasi imodzi Loweruka m'mawa, muike tebulo ndi mipando itatu, muwalowetse ana mmodzimmodzi. Ndipo eni maesiteti a tiyi, amene zipatala zawo zing'onozing'ono zimafuna ogwira ntchito chaka ndi chaka, alipire thiransipoti ya ana a antchito awo amene aitanidwa ku intaviyu.